Lachinayi la pa Kalendala ya Amayi

Kalendala ija ya pa chitseko cha filiji ndimaikumbukirabe, ndi kabokosi kamene ndinazunguliza ndi bolopeni yofiira. Ndivomere msanga: zonse ndinaziyambitsa ndine.

Nyumba imene tinkachita lendi ku South Bend inali sefa yeniyeni. Mphepo inkalowa pansi pa zitseko, m'mawindo, ngakhale m'masoketi, moti amayi anatseka mipata yonse ndi zitenje zakutha. Landilodi anali atavomera kuti amisiri adzamate makoma ndi kudenga, koma amisiriwo linali gulu limodzi lokha, nyumba zodikira mbwee. Tinadikira kuyambira masamba akuyoyoka mpaka sinowo atakwirira masitepe.

Tsiku limene anaimba foni ndinayankha ndine. Anati abwera Lachiwiri. Koma mayeso a masamu anali Lachinayi, ndipo ndinkadziwa kuti amayi adzafuna ndikhale pakhomo tsikulo kuti ndiziwamasulira, poti ankati amisiri a kuno amayankhula ngati akutafuna chingamu. Ndiye ndinazunguliza Lachinayi. Nzeru zanga zinathera pomwepo. Sindinaganize kuti Lachiwiri nalonso lidzafika.

Lachinayi amayi anasinthana shifiti ndi mnzawo kuchipatala. Anakazinga mandasi, kenako anazula zitenje zonse m'mawindo. "Alendo asaone nsanza," anatero. Tinakhala choncho, makatani akuvina okha, mpweya ukufuka m'kamwa, amayi akudzuka kukasuzumira galimoto iliyonse ikadutsa. Ine ndinadya mandasi asanu ndi awiri. Ndingakunamizeni nditati ndinamva chisoni. Anali okoma.

Masana amayi anapeza kapepala pa chitseko cha kumaso, chimene sitinkatsegula chifukwa tinachimata ndi makatoni. Amisiri anali atabwera Lachiwiri, n'kupeza kulibe munthu. Amayi ataimba, anauzidwa ziwiri: dzina lathu labwerera kumapeto kwa mndandanda, ndipo zoti abwera Lachiwiri amisiriwo anauza mwana wawo.

Loweruka malume anabwera ndi mapulasitiki ndi tepi kuchokera ku Indianapolis, kumene ankaphunzira ntchito yomweyo.

"Achimwene, simungawapemphe anzanuwo?" anafunsa amayi.

"Anzanga ake ati, achemwali? Tinayamba ambiri, tatsala owerengeka. Munthu akakwawa kudenga tsiku limodzi, mawa lake sabweranso." Kenako anandiyang'ana. "Nanga bwana, masamu munakhoza?"

Ndinawayankha m'Chingerezi kuti aphunzitsi andilembetsa Lolemba. Malume anabisa nkhope m'pulasitiki. Amayi sanaseke.

Chilango changa chinali kusamukira m'chipinda cha kumpoto, chozizira kuposa zonse, mpaka amisiri adzabwere. Ndinachikonda. Pawindo panasanduka filiji yanga ya zakumwa, ndipo ndinkadzuka thukuta kamukamu, n'kumakadzitama kusukulu kuti ine kuzizira kumandiopa. Zoti bulangete lachiwiri linafika bwanji pabedi panga, kapena chifukwa chimene amayi ankatulukira m'chipinda mwawo m'mawa atavala kale jekete la kuntchito, lili makwinyamakwinya ngati agona nalo, sindinafunse n'komwe.