Amalume anatsala pang'ono kusuta agogo athu

Lolemba ndinagwedeza nyumba yonse ya amayi ku Mtakataka kufunafuna buku la kusikelo la mwana wanga Tadala. Bukulo sindinalipeze. Ndinapeza zina.

M'kachitini ka njere za maungu munali pepala lofiirira ngati tiyi, lofewa ngati nsanza, lolembedwa ndi inki. Ndinafunsa amayi kuti n'chiyani.

"Ndi za wothawa uja," anatero osacheuka n'komwe. "Ukulungemonso njerezo, zingatayike."

Wothawayo ndi Sajeni Kamtedza, agogo awo a agogo anga aakazi. Analowa usilikali wa atsamunda mishoni ya ku Mua isanamangidwe, nasiya mkazi ndi ana aakazi atatu, osabweranso. Kwathu mwamuna akachedwa kumowa, amati wayamba za Kamtedza. Ine ndakula ndi manyazi amenewo.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinakhala pakhonde, Tadala akuyamwa, n'kumatsata ndi chala. Ili ndi kalata, abale anga! Ndi ya Sajeniyo, yopita kwa mkazi wake, anamulembera ndi kalaliki wa kukampu. Akupereka moni, akufunsa za ana, kenako pansi penipeni: "Chimene sindinabwerere ndi ichi." Basi, pepala latha.

Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. "Amayi, masamba enawo ali kuti?"

Apa mpamene pali nkhani. Kalatayo itafika, panalibe wodziwa kuwerenga m'mudzi, ndiye mkazi uja anangoisunga. Atamwalira, katundu anagawidwa monga timachitira: uyu nsalu, uyu mphika, uyu khasu. Kalata inali ndi masamba atatu, ana atatu. Kuti pasakhale wodandaula, aliyense anatenga tsamba lake. Chilungamo chimenecho, eti? Tinagawa kalata ngati nkhuku ya pa Khirisimasi.

Lachiwiri m'mawa ndinali pa kabaza, Tadala kumsana, ulendo wa ku Mua kwa mayi aakulu a Nankhoma, mdzukulu wa mwana wachiwiri. Iwo tsamba lawo analiika m'buku la mapemphero. Akuti ankayesa ndi pemphero lakale. Linati chipolopolo chinamuthyola mwendo kunkhondo, anamubweza kuno kudziko lathu, ndipo ali gone kukampu, kuyenda sangathe.

Mayi aakulu anagwira pakamwa. Kenako anadzidzimuka: "Iwe thamanga! Tsamba lachitatulo lili kwa a Zuze ku Golomoti, ndipo aja pepala lililonse n'lopichirira fodya."

Wakabaza ndinamuuza kuti apalase ngati akuthawa ngozi. Amalume a Zuze ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, chingambwe chili pamwendo. Nditafotokoza, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jumbo yodzaza mapepala: makalendala, mayeso a ana, zonse zodikira machesi. Tsamba lathu linali momwemo, ngodya imodzi itang'ambidwa kale.

"Amalume! Mwasuta agogo anu?"

"Ndinangolawa, mphwanga," anatero akuseka. "Silikoma. Limatsamwitsa. N'chifukwa chake lakhalitsa."

Ndinawerenga mokweza: "Tumizani amuna anayi ndi machira adzanditenge. Ndikudikira."

Amalume kuseka kunatha. Anavula chipewa.

Mwamva? Munthuyo sanatithawe. Ndife amene sitinakamutenge.

Sindikuimba mlandu akale aja. Analibe sukulu, ndipo anasunga zomwe sankazimva n'komwe. Koma ife bwanji, odziwa kuwerenga mauthenga a pafoni tsiku lonse? Maliro akatha timakanganirana njinga ndi malata, mapepala n'kuwasiyira chiswe. Ena timakolezera mbaula, ena timakulungira mandasi ndi usipa. Kodi ndi anthu angati amene tikuwanyoza m'mabanja mwathu, pomwe yankho lawo lili m'kachitini?

Masamba atatuwo tsopano ali pamodzi, koyamba chiwagawireni. Ndawajambula pafoni, ndawaika m'pulasitiki, ndapachika pomwe Tadala sangafike. Njere za maungu ndazisamutsira m'botolo. Amalume akuti kwa msuweni wawo kuli mendulo ndi kapepala kena ka kukampu, ndipo Loweruka ndikupita, kaya kugwe mvula. Iwonso alonjeza kuti pamsonkhano wa banja adzaimirira okha n'kunena kuti dzina la wothawa lathera pano.

Amayi nditawawerengera zonse, anati: "Bwerezanso pa machirapo."

Buku la kusikelo lapezeka dzulo, kunsi kwa mphasa. Nanga inu, pepala lomwe mwakolezera moto m'mawa uno, munayamba mwaliwerenga?