Mphamvu Zimene Atate Ankasunga

Mwana wanga Dalitso waponya golovesi yake ya besibo patebulo, ndipo fungo la chikopacho landibweza ku komboni ya pamgodi komwe ndinakulira. Kochi wawo kuno ku Leicester wamukhazikanso pabenchi, akuti avareji yake ya kamenyedwe ka mpira ndi yotsika.

Atate anga ankasewera sofutibo, masewero ofanana ndi besibo, mu timu ya pamgodipo, ndipo ankaphonya koopsa. Loweruka lililonse ndodo yawo yomenyera mpira inkangomenya mphepo, anzanga n'kumandiseka. Nditawafunsa, anapitiriza kupaka mafuta golovesi yawo n'kunena kuti, "Mphamvu ndikusungira tsiku lalikulu, mwanawe." Ine ndinkaganiza kuti amazitsekera mu sutikesi yawo ya pansi pa bedi, moti ndinkaopa kuikhudza kuti zingathawe.

Tsikulo linafikadi. Pa masewero omaliza, timu yathu ikugonja, atate anaumenya mpira mpaka unadumpha mpanda n'kukagwera m'munda wa chimanga. Anthu anawanyamula m'mwamba, fumbi lofiira lili koboo. Chaka chotsatira timu inawachotsabe, akuti kumenya kamodzi sikufafaniza zophonya zonse zija.

"Usadandaule, tsiku lako likubwera," ndamuuza Dalitso. Wandiyankha m'Chingelezi kuti kochi sawerengera tsiku limodzi, n'kukwera kuchipinda kwake.

Ndatenga chikwama kukadikira basi ya shifiti yopita kuntchito kwanga kosungirako katundu ku Corby, komwe kamakina ka m'manja kamawerenga mabokosi amene ndapakira, ndipo inenso akuti ndikutsalira. Sutikesi ija ndinadzaitsegula atate atamwalira. Munali malaya okhaokha.