Sitima Imene Inkatitchinjiriza ku Ng'ona

Ndinabadwa sitima yapamadziyo itafa kale. Inagona chammbali padooko lathu la mu Shire, kwa Tengani, ili dzimbiri lokhalokha, chigudumu chake chakumbuyo chitamira m'matope. Akuluakulu ankati m'masiku a atsamunda inkanyamula anthu kuchokera ku Zambezi, mpaka tsiku lina inatitimira pamchenga, eni ake n'kuisiya pomwepo. Agogo anga aamuna anaikwerapo. Ndikati kukwera musaganize zaulemu: azungu ankakhala pamwamba pamthunzi akumwa tiyi, agogo pansi pamodzi ndi nkhuni ndi mbuzi.

Ntchito yaphindu sitimayo inagwira itafa. Madzi ankalowa m'mimba mwake kudzera m'timabowo toti ng'ona singakwanemo, choncho amayi a m'mudzi wonse ankatunga ndi kuchapa m'menemo, ife ana n'kumasambamo. Ng'ona zinkangotiyang'ana zili kunja ngati galu pakhomo la butchala.

Kenako malume anga anabwerako ku Blantyre atapuma ntchito yaukalaliki. Munthu wovala tayi m'kutentha kwa kuno, kumene ndi nkhuku yomwe imayenda kukamwa kuli yasa, muzimuopa. Ataona sitimayo anagwira pakamwa, ati tikuchapira matewera pa mbiri ya dziko. Anakhazikitsa komiti, wapampando iwo omwe, n'kugamula kuti chitsulocho chikokeredwe kumsewu, chipakidwe penti, alendo azibwera ndi makamera. Amuna amene sanagwirepo ndowa chibadwire anawomba m'manja.

Mayi anga, mlongo wawo wa malumewo, ndiwo okha anafunsa. "Achimwene, mbiri yanuyo ng'ona ikuidziwa?"

Malume anayankha kuti za madzi tisadandaule, mjigo ukubwera. Mjigowo mpaka lero ukadali m'njira.

Anabwereka thirakitala, n'kumanga maunyolo. Pokoka, sitima inathyoka pakati. Kumbuyo kunatsetserekera pakuya, osaonekanso. Kutsogolo anakuguza mpaka kumsewu, n'kukupaka penti yoyera, malume n'kulankhula Chingerezi kwa anthu amene ankangofuna kupita kudimba. Alendo a makamera sitinawaone. Zinabwera ndi mbuzi, kudzausa pamalo pomwe makolo awo ankakwera ndi agogo.

Amayi a m'mudzi anayamba kutunga pagombe poyera, wina akuponya miyala m'madzi, wina akumiza ndowa mofulumira. Madzi atadzaza chaka chomwecho, ng'ona inagwira mayi anga dzanja lamanja. Anzawo anaimenya ndi ndowa mpaka inawasiya, koma kuchipatala dzanjalo analidula. Mkwiyo wa tsiku limenelo sunandichoke, ndipo sindikufuna kuti undichoke.

Malume akadali moyo. M'mawa uliwonse amakhala pampando pafupi ndi chitsulo chawo, penti itasupuka, tayi ili pakhosi. Mayi amadutsa pomwepo pochokera kumtsinje, atasenza ndowa imene wina wawasenzetsa, akuigwira ndi dzanja lotsalalo. Sanawatukwanepo. Amaima, n'kupereka moni mwaulemu wonse:

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Alendo aja afika?"