Chidindo cha pa Envulopu

Ndili mu Sitandade 6, m'zaka za m'ma 1950, ndinkaphunzira kalasi imodzi ndi mlongo wa amayi anga. Inde, amalume anga enieni, amene kwathu ku Nkhata Bay timati asibweni. Anthu akamva amaseka, koma ine nthawi imeneyo sindinkaseka ayi. Zinkandinyansa kwabasi.

Kalasi yathu inali yosakanikirana. Kutsogolo kunkakhala ana a aphunzitsi ndi a makalaliki, ovala nsapato. Pakati ife ana a asodzi a ku Chikale, onunkha usipa. Atsikana tinalipo owerengeka, tonse tinkakwana pa benchi imodzi. Kumbuyo ndiye kunali akuluakulu amene anayamba aona dziko asanagwire sileti, ndipo asibweni anali mmodzi wa iwo. Anapita ku Halale ali kamnyamata, anakatsuka mbale za azungu zaka zambirimbiri, n'kubwerako ndi sutikesi, lezala ndi njala ya sukulu.

Thupi linkawathandiza. Anali aafupi, a nkhope yosalala, ndipo ankameta ndevu m'mawa uliwonse ngati akupita ku ukwati. M'kaundula aphunzitsi aakulu anawalemba zaka zochepa. Tauni yonse inkadziwa, koma palibe anatsegula pakamwa. Watsoka ndinali ine, amene ndinatalika msanga ngati nsungwi, moti amayi ankachita kuyang'ana kumwamba pondikalipira.

Chimene chinkandiwawa kwenikweni ndi mayeso. Teremu iliyonse asibweni nambala wani, ine nambala thu. Ndiwerenge bwanji, iwo patsogolo basi. Anzanga ankandigemula kuti, "Wagonjanso kwa agogo ako?" Pobwerera ku Chikale ndinkayenda patsogolo, mlomo uli tolotolo, iwo akunditsatira pambuyo n'kumati, "Mwana iwe, samu yachitatu ija unaiwala kubwereka." Ine osacheuka n'komwe.

Chaka chimenecho boma linalimbitsa lamulo lakuti wopyola msinkhu asalembe mayeso opitira ku sekondale. Kunabwera woyendera masukulu, bambo wa kummwera wovala kabudula ndi masokosi ofika m'mawondo, wolankhula Chinyanja ndi Chizungu, Chitonga osamva ngakhale moni. Anatiika pa mzere panja, kaundula ali m'manja, n'kumayang'ana aliyense chibwano ndi msinkhu. Asibweni anawadutsa osaima. Atafika pa ine anaima.

"Uyu ndi mayi wa ana, si mwana wa sukulu," anatero. "Umboni wa zaka zake uli kuti?"

Khadi langa la ubatizo linali litadyedwa ndi chiswe kalekale. Buku la mpingo linali kutali ku mishoni, ndipo bamboyo ankanyamuka madzulo omwewo. Anaitanitsa amayi. Amayi anabwera manja ali mambamamba a nsomba, nanena kudzera mwa aphunzitsi aakulu kuti ndinabadwa chaka chimene nyanja inadzaza n'kulowa m'munda wathu wa chinangwa.

"Nyanja silemba madeti, mayi," anayankha woyenderayo. "Belu la masana likalira mulibe pepala, dzinali ndikhwatcha."

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinkadziwa chimene chinkandidikira. Atsikana amene ankasiya sukulu pa msinkhu wanga sankatha chaka asanakwatiwe, ndipo kunyumba kunali kutabwera kale anthu kudzafunsa mbeta. Nditayang'ana kumene kunkakhala akuluakulu aja, asibweni kunalibe. Mumtima ndinati, onani munthu uyu, zake zayenda wathawa.

Belu likulira asibweni anatulukira, thukuta lili kamukamu, atathamanga kupita ku Chikale ndi kubwerako. M'manja anali ndi envulopu yakale, yofiirira, yothetheka m'mbali. Analowa mu ofesi, ine pambuyo pawo, naipereka ndi manja awiri.

Woyenderayo anayang'ana chidindo cha positi, chaka chikuoneka bwinobwino. Anatulutsa kalatayo, aphunzitsi aakulu n'kumamumasulira. Anailemba ndi mkulu wa mpingo m'malo mwa agogo. Inkati mlongo wako wachira Sabata lapitali, mwana ndi wamkazi, wa miyendo yaitali. Pamenepo bamboyo anamwetulira, anawerengera pa zala, n'kunena kuti zaka zanga zili bwino. Kenako anayang'ananso envulopu ija.

"Kalatayi analembera ndani?"

"Ine, bwana," anatero asibweni.

"Ku Halale? Ndiye kuti mwanayu akubadwa, iwe unali kale pa ntchito?"

"Inde, bwana."

Aphunzitsi aakulu anangozolika. Woyenderayo anawayang'ana asibweni nthawi yaitali, kenako anatsegula kaundula. Dzina linakhwatchidwa ndithu tsiku limenelo, koma silinali langa.

Mukuganiza kuti ndinathokoza? Ayi, ndinali mwana wopusa. Panjira ndinawakalipira uku ndikulira. "Asibweni, bwanji simunang'ambe pamene panali dzina lanu? Bwanji simunapatse amayi kuti abweretse? Mutu wonsewo, nambala wani yonseyo!"

"Dzina langa ndi chidindo zili mbali imodzi," anatero mofatsa. "Ndipo akanafunsa, amayi ako sadziwa kunama."

Tinayenda pang'ono, kwa nthawi yoyamba tili pambali ndi pambali. Titadutsa pa doko anandiuza chimene ndinali ndisanamvepo. Kalata ija itawapeza ku Halale sankadziwa kuwerenga. Anayenda nayo m'thumba masiku anayi, akuopa kuti mwina ndi ya maliro, kufikira atapeza munthu wowawerengera. Tsiku limenelo analumbira kuti adzalowa sukulu, kaya ndi ndevu kaya ndi imvi.

"Ine chimene ndinkafuna ndinachipeza kale," anatero. "Iwe pita. Koma uzilemba makalata, wowerenga alipo."

Mayeso ndinakhoza, ndinali woyamba pasukulu pathu. Sindinanyade, pakuti ndinkadziwa mwini malowo. Ndinakwera sitima kupita ku sekondale, kenako ndinaphunzitsa ana mpaka tsitsi kuyera. Asibweni anapeza ntchito pa doko, yolemba katundu wotsika m'sitima, ndipo anasiya kumeta ndevu. Zinamera zambiri, zina zoyera kale.

Ndinkawalembera sabata iliyonse. Ankawerengera amayi pakhonde mokweza, kuti ndi oyandikana nawo omwe amve, kenako n'kundibwezera kalatayo atakonza zolakwa ndi pensulo. Zimenezo zinkandipsetsa mtima, koma sindinasiye. Mawu akuti yewu, zikomo ya kwathu, ndinawalemba m'kalata yoyamba yeniyeni, chifukwa pamaso ndinkachita manyazi. Kalata imeneyo yokha sanandibwezere.