Mzere wa pa tubu ya buluu

Anandilanda dzina. Ku Domwe lero ndine "uja anachedwetsa magazi".

Ntchitoyo ndinaipeza chifukwa chongodziwa kuyendetsa mota, njinga yamoto ija. Sukulu ndinaisiyira panjira, ndipo kiliniki ina inkafuna munthu wothamangitsa magazi ku labu ya ku Ulongwe. A Jasinto, tekiniku wa pakilinikipo, anandiphunzitsa okha: tubu ya chivindikiro cha buluu ili ndi mankhwala oletsa kuundana, choncho magazi azifika pamzere. Uitembenuze pang'onopang'ono, uiimike m'kaisha, kabokosi konyamulira, osaikhutchumula.

Lachisanu lina anabwera nawo a Foloriyano, oyendetsa lole ya mbatatesi, amene anakhala pampando wa lole masiku atatu kudikira mapepala pachipata cha m'malire pa Kalomwe. Mwendo umodzi unatupa, ankabanika, pachifuwa pankabaya. Adokotala anakayika: kaya chibayo, kaya magazi oundana achoka m'mwendo n'kukatseka m'mapapo. Anati tiyeze D-dimer, yosonyeza ngati magazi akuundana m'thupi. Ikakhala yotsika, za kuundana tiziiwale. Ikakwera, odwalawo athamangire ku Tete akajambulidwe.

A Jasinto anatunga magaziwo foni ili pakhutu. Magaziwo anathera pansi pa mzere. Ndinawauza.

"Iwe sukulu inakukanika, lero undiphunzitse ine? Kwera mota."

Ndinakwera, ndipo sindinaime paliponse. Mayi a ku labu anangoyang'ana tubuyo n'kulemba pakapepala kuti magazi aperewera, akatungenso. Pobwerera ndinapeza a Foloriyano atawaphimba chitenje.

A Jasinto anauza akazi a malemuwo kuti ndinaima pamsika kumwa kachasu mpaka magazi kuwonongeka. Mayiwo anandilavulira pansapato. M'mawa mwake a kukiliniki anandilanda makiyi a mota.

Kaya a Foloriyano akanapulumuka, sindikudziwa. Ku Tete n'kutali. Chimene ndinatolapo n'chimodzi: tubu yoperewera usailandire, ngakhale wokupatsayo atavala zoyera bwanji.

Kapepala kaja ndikali nako, chidindo chake ndi ola lake. Kukiliniki anakana n'kukayang'ana komwe. Mwezi wamawa akumanga chiliza cha a Foloriyano. Abale onse adzasonkhana, a Jasinto adzakhala pampando wakutsogolo monga amakondera. Pamenepo ine wokanika sukulu ndidzaimirira, ndidzakawerenga mokweza m'Chipwitikizi chake, kenako n'kukamasulira m'Chinyanja kuti ndi agogo omwe amve.

Ntchito yawo sindikuifunanso. Ngongole ya a Jasinto kwa ine ndi mawu awiri okha, awanene pamaso pa akazi a malemu aja: "Ndinanama ndine."