Beseni pakhomo ku Leeds

Mwana wanga wamkazi atandiuza kuti yunivesite ikuwatumiza ku chilumba cha Kreti kukakumba mabwinja a nyumba zachifumu za anthu akale otchedwa Aminowa, ndinali ndikusita yunifomu yanga yakuchipatala. Ndinaimika simbi.

"Kukumba? Ndi khasu?"

"Ndi kaburashi, Mum," anatero uku akuseka.

Ine sindinaseke. Ndinabwera kuno ku Leeds kudzagwira ntchito ya unamwino kuti mwana aphunzire, osati kuti akasanduke mdzukulu wa kumanda a eni ake. Kwathu munthu wofukula pamene anagona akufa dzina lake timalidziwa, ndipo si dzina loti nkutchulira mwana wobala wekha. Azimayi akutchalitchi akandifunsa ndinkangoti akuphunzira mbiri yakale, kenako nkusintha nkhani.

Atafika uko anayamba kunditumizira zithunzi pafoni. Nyumba yachifumu yake iti? Miyala yokhayokha, masitepe otsikira pansi pa nthaka, ndi mitsuko ikuluikulu yoti munthu wamkulu akhoza kulowamo nkukhala bwinobwino. Akuti munkasungidwa mafuta ndi tirigu. Ndili m'basi popita kuntchito ndinkakulitsa zithunzizo ndi zala, nkumadzifunsa kuti ndi banja lanji lingathe mafuta onsewo. Nanga eni ake anapita kuti? Mudzi sungotha psiti popanda chimene chinachitika.

Kenako kunabwera chithunzi chimene chinandisowetsa mtendere. Iye atagwada m'dzenje, akupukuta kanthu koyera, kotalikirapo. Ndinamuimbira nthawi yomweyo.

"Limenelo si fupa?"

"La mbuzi, Mum."

"Mbuzi? Ine mafupa ndimawaona pa ekisireyi tsiku ndi tsiku, usandipusitse iwe."

"Mum, please. Ndi mbuzi."

Anayankha msanga kwambiri, ndipo nchimene chinandikayikitsa. Mwina inalidi mbuzi. Mpaka lero sindidziwa.

Tsiku limene ankabwera ndinachita zimene timachita kwathu anthu akamachokera kumanda. Ndinaika beseni la madzi panja pa chitseko kuti asambe m'manja ndi kumapazi asanalowe. Kunali kukuwaza kamvula ka kuno kaja kosadziwa kusiya. Mayi wachizungu woyandikana nafe anakankha katani nkumasuzumira. Ndinamusiya aone, nyumba ndi yanga.

Mwanayo anatsika m'takisi atada ndi dzuwa, ataonda, manja atatambasula kuti andikumbatire. Ine ndinaloza beseni. Anayang'ana madziwo, nkundiyang'ana ine. Tanthauzo lake ankalidziwa, chifukwa anazionapo kumudzi pa maliro a bambo anga. Anavula nsapato, nkuponda masitepe ozizirawo ndi mapazi, nkusamba osafulumira. Atatha anatambasula zikhatho zikudontha madzi.

"Ndayera tsopano, amayi?"

Mwana woti Chichewa amachilankhula chothyokathyoka, koma mawu amenewo anawatchula ngati wakulira ku Dedza. Anandilasa mumtima. Ndinati alowe.

Titakhala pansi anatulutsa kaphukusi ka masamba ouma amene anandigulira uko, akuti tiyi wa m'mapiri, wabwino pa chimfine. Anaphika yekha nkundipatsira m'kapu yanga ija ndimaikonda. Fungo lake linali lachilendo, ndipo maganizo anga anathamangira ku nthaka imene masambawo anamerapo. Ndinagwira kapu ndi manja awiri, ndikumufunsa za ndege, za chakudya, za anzake. Pakamwa sindinaifikitse. Iye ankayankha maso ali pa kapupo. Tiyi atazizira anandilanda mwaulemu nkukamutaya m'sinki.

Chaka chotsatira anapitanso ku Kreti, ndipo panopa amakhala komweko nthawi yambiri. Amandiimbira Lamlungu ndikabwera kutchalitchi. Amafunsa za mawondo anga, za mashifiti, za mtengo wa magetsi. Ndikamufunsa kuti masiku ano akukumba chiyani, amangoti, "Zantchito basi, Mum," nkundifunsa ngati kuno kukugwa mvula.

Zimandiwawa. Kale ndinkangoganiza kuti mwanayu akundibisira zinthu. Tsopano akundibisiradi.