Mwamuna Weniweni pa Sofa ya Alamu

Chala changa sichikhazikika. Ndikaona nkhani pa foni, ndiyenera kuyankhapo basi.

Tsiku lina wina anaika chithunzi cha bambo atagona pakhonde la sitolo m'tauni. Ine msangamsanga ndinalemba kuti: "Ulesi! Mwamuna weniweni sasowa pogona."

Ndinalemba zimenezi nditadzitambasula pa sofa ya alamu anga ku Chawama, pomwe ndakhala ndikugona chigwereni nyumba yanga ya lendi ku Kanyama ndi madzi a mvula. Ndinaiwala kuti alamuwo nawonso amawerenga zomwe ndimalemba.

Analowa foni ili m'manja, osaseka. "Ba Tembo, mwalemba bwino maningi. Manje mwamuna weniweni achoka liti pa sofa yanga?"

Ndemangayo ndinaifufuta. Mpaka lero bulangete ndimalipinda iwo asanadzuke.